Mpira umene a Mlauzi sanaugwire

Usiku wathawu ndinalota tili m'sitima ndi timu yathu ya ragibi, ulendo wa ku Beira.

Ena mwa inu nkhaniyi simukuidziwa, ndiye ndifotokoze kaye pang'ono. Kuno ku Luchenza tili ndi kaligi kakang'ono ka ragibi, ija ya anthu khumi ndi atatu mbali iliyonse, mpira wake wooneka ngati papaya. Ine ndine mlembi wa komiti, ndipo kuika masiku ndi malo a masewero ndi ntchito yanga. Chaka chino anzathu ena a ku Mozambique anatiitana kuti fainolo tikaseweretse kwawo, anthu a kumeneko awaone masewerowa, mwina n'kuwakonda. Amene ndinabweretsa maganizowo ku komiti ndine, ndipo anadutsa. Anyamata onse akudziwa. Amene sakudziwa ndi a Mlauzi.

A Mlauzi ndiwo anayambitsa ragibi kuno atabwerera kuchokera ku migodi ya ku Joni. Pano shuga anawalanda maso, miyendonso ikukana. Komabe Loweruka lililonse mwana wawo Esinati amawabweretsa pa njinga n'kuwakhazika pampando kuseri kwa mapolo. Masewero asanayambe, kaputeni amapita ndi mpira kwa iwo. Amaugwira ndi manja awiri, amaufinya, n'kunena ngati mpweya uli bwino. Akatero m'pamene oyimbira amaliza wezulo. Palibe anakhazikitsa lamuloli, koma sitinayambepo popanda zimenezo. Ulendo wa ku Beira iwo sangaukwanitse, ndipo ine ndakhala ndikudziuza kuti ndikawauza mawa.

Ndiye m'malotomo sitima ija mkati mwake munali mabenchi a kutchalitchi. Anyamata anali atavala majezi, aliyense atasenza chidutswa cha bwalo lathu. Awiri ananyamula mapolo. Ena anali atakulunga kapinga ngati mkeka n'kumuika pansi pa benchi. Mizere ija timathira ndi laimu anali ataipinda ngati chingwe cha ng'ombe, ndipo ine ndinkawakalipira kuti asaipondereze, ingaduke. Zonsezi ndinkaziona ngati zabwinobwino.

Kenako ndinasuzumira pawindo. Ndinaona Esinati akukankha njinga m'mbali mwa njanji, bambo ake ali pakaliyala, atavala jekete lawo la Loweruka. Ankalowera ku bwalo. Sitima inkathamanga, koma iwo sankatsalira, ankangokhala pafupi ndi windo langa. Ndinawerama ngati ndikumanga zingwe za nsapato. Nditayang'ana pansi ndinaona kuti ndavala patapata. Ndinakhalabe chowerama mpaka msana unapweteka.

Ndiye ku Beira sitima sinaime. Inadutsa pakati pa msika, n'kutsetserekera panyanja yamchere, n'kumayenda pamwamba pa madzi. Palibe anadabwa. Kaputeni wathu Lameki ankakukuta chimanga chootcha, zitsononkho n'kumaponyera nsomba.

Kenako tinali m'dziko lozizira limene sindikulidziwa, m'bwalo lalikulu loti mipando yake inkathera m'mitambo. Tinayala kapinga wathu pakati. Anangokwanira kamalo kakang'ono, ndipo zonse zinkaoneka: pamene tinagumula chulu, ndi kanjira kamene amayi amadutsa popita kuchigayo. Ndinachita manyazi. Anthu anali odzaza mpaka pamwamba, koma panalibe nkhope imodzi yoidziwa. Ankaomba m'manja pa zinthu zosayenera. Mnyamata wina atagwada kuti akoke sokosi, bwalo lonse linaimirira.

Mwini bwalolo anali ndi nkhope ya aphunzitsi anga a masamu a ku Fomu 2, koma sanali iwo. Anandipatsa wotchi yaikulu yapakhoma kuti ndiikumbatire. Ankati akamvetsera foni, amanditembenukira n'kunena kuti anthu a dziko lakuti akadali m'tulo, ndibweze mivi m'mbuyo. Ndikabweza, amati a dziko lina ali kuntchito, ndiipititse kutsogolo. Ine ndinkangozunguza ndi chala. Ndikabweza dzuwa linkabwerera, ndikapititsa linkathamanga. Anyamata ankathamangathamanga kuti matupi atenthe, n'kuzizidwa, n'kuyambiranso. Ndinafuna kufunsa kuti nanga kwathu ndi nthawi yanji, koma iye anali atabwerera kale pa foni.

Ndiye nthawi inakwana. Lameki anatenga mpira n'kupita nawo kuseri kwa mapolo, monga mwa masiku onse. Mpando unalipo, koma panali patakhala kamera ya wailesi ya kanema, itavala chipewa. Anaima patsogolo pake atatambasula manja. Kenako anabwera kwa ine.

"A Sekeletale, ndipatse ndani?"

"Tangoyambani," ndinatero.

Anauika pansi n'kuumenya. Mpira sunasunthe. Anaumenyanso, nsapato inang'ambika. Anabwera anzake atatu kudzaukankha ngati galimoto yotitimira m'matope, koma ayi. Anthu aja anayamba kuseka, kenako kukuwiza.

Oyimbira anali mayi wina amene amagulitsa tomato mumsika mwathu muno. Ankayankhula Chipwitikizi, koma ine ndinkamva zonse. Anawerama, n'kuununkhiza mpirawo, n'kulengeza pa chimkuzamawu kuti mpira uwu sunagwiridwe. Anafunsa kuti anakonza masewerowa ndani. Bwalo lonse linatembenukira kwa ine, mpaka aja a m'mitambo.

Ndinautola. Kwa ine unali wopepuka. Ndinaupanira m'khwapa n'kuyamba kuthamanga. Mukudziwa kuti pa ragibi mpira suponyedwa kutsogolo, umapatsira amene ali kumbuyo kwako. Ndinkafunitsitsa kupatsira wina kuti akaupereke ndiye kwa a Mlauzi. Koma ndikacheuka kumbuyo kunalibe munthu. A komiti onse anali kutsogolo kwanga, atcheyamani, asungichuma, onse akukodola kuti ndiwaponyere, pomwe akudziwa kuti sizololedwa. Ndinawadutsa.

Kenako ndinali ku Luchenza, kuseri kwa chigayo, masana dzuwa likuswa mtengo. Bwalo linali dothi lofiira lokhalokha, poti kapinga tinali titapita naye. Pamene pamakhala mapolo panali maenje, mbuzi zikusuzumiramo. Amayi ogulitsa nzimbe kunalibe. Ng'oma ya masapota inali itagona chafufumimba pansi pa mtengo wa mango.

A Mlauzi anali pampando wawo, atatchera khutu kubwalo. Esinati anaima kumbuyo kwawo atawagwirira ambulera. Atandiona anaika chala pakamwa. Sanakwiye, anangondiyang'ana. Bola akanandilalatira.

Pa ragibi yathu timu ikagwetsedwa kasanu ndi kamodzi imapereka mpira kwa adani, ndipo a Mlauzi amawerenga ndi makutu, pomva thupi likugunda pansi. Kutsidya kwa mpanda munthu wina ankasinja, ndiye iwo ankawerenga kugunda kwa munsi.

"Kachinayi. Kachisanu. Menya tsopano, Lameki, usagone nawo!"

Ndinayesa kuyenda monyang'ama, koma anandimva.

"Mayendedwe okoka mwendo awo ndi a Sekeletale. Mwachedwa, akulu. Akazi anu anakutsekerani m'nyumba?"

"Ayi, bambo. Ntchito."

"Ntchito Loweruka. Inu mudzafa mutagwira bolopeni." Anaseka, kenako anapendeketsa mutu. "Koma lero masapota ali duu. Kwagwa zovuta m'mudzi?"

"Ayi. Akungoonetsetsa."

"Tikutsogola?"

Ndinayang'ana mbuzi zija. Ndinayang'ana Esinati. Iye anayang'ana kumbali.

"Tikutsogola, bambo."

"Ndinadziwa. Kugwetsa kwake ndikukumva, n'kwa ana anga." Anapukuta manja pa thalauzi. "Chokhacho, ayamba osandipatsa mpira. Ndakhala ndikudikira. Kapena aiwala kuti ndabwera?"

"Sanaiwale. Ndabwera nawo ine."

Anatambasula manja onse awiri, zikhatho kumwamba. Ndinayang'ana m'khwapa. Mkono unali chipindire, koma munalibe kanthu. Ndinafufuza m'malaya, m'matumba, ngakhale pansi pa mpando wawo. Manja aja anali chitambasulire.

"Bweretsani, a Sekeletale. Sindidya mpira ine."

Ndiye sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinagwada pa dothi lija n'kuika mutu wanga m'manja mwawo. Anaugwira bwinobwino monga amachitira, chala chachikulu uku, china uku. Anautembenuza. Anaufinya kamodzi, n'kufinyanso. Munsi uja unasiya kugunda.

"Uwu mulibe mpweya," anatero motsitsa mawu. "Mwakaubooletsa kuti?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze za ku Beira, pomwepo ndinadzidzimuka. Kunja kunali kutayera, mutu uli pansi pa pilo, khosi likuwawa.

Ndawafotokozera mayi a kunyumba tikumwa tiyi. Poyamba ati ndi nyemba za dzulo. Kenako akuchotsa makapu ati, "Kapena ndi njira ya kwa a Mlauzi imene mwayamba kuilambalala popita kumsika."

Anzanga, ine za maloto sindizidziwa, n'chifukwa chake ndalemba. Mpaka pano sindikuona kuti kupita ndi masewero kunja n'kulakwa. Ragibi ikangokhala kuseri kwa chigayo idzatha ndi ife. Anyamata ambiri sanadumphepo malire, ndipo Lameki pasipoti yake akuyenda nayo m'thumba ngati chithumwa. Koma Loweruka likudzali ndi masewero omaliza a pakhomo, ndipo a Mlauzi adzakhala pampando wawo. Akadzamaliza kufinya mpira adzandifunsa, monga amachitira chaka chilichonse, kuti fainolo ndi liti kuti Esinati awachapire jekete.

Inu amene mumatha kumasulira, tandiuzani. Malotowa akuti fainolo isachoke pakhomo, ndibwerere ku komiti ndikameze mawu anga? Kapena akungoti ndipite kwa mkuluyo lero, ndikawauze ndi pakamwa panga asanamve kwa ana a mumsewu? Nanga mutu wanga m'manja mwawo muja, ukutanthauza chiyani?