Kampeni kamene ena anakabweza

Lachiwiri lapitali, tikuchokera ku sikelo, mtima unatsala pang'ono kundithawa m'minibasi. Mwana wanga Tadala, amene wangoyamba kumene kukwawa, anali pamiyendo panga. Ine maso anali kunja, kutsatira nkhungu imene inkatsetsereka pa phiri la Chiradzulu. Potembenuka ndinapeza kadzanja kake kali m'chikwama mwanga, kakukoka nyuzipepala imene ndinakulungamo mpeni wa kukhitchini.

Inde, ndimayenda ndi mpeni. Musandiyang'ane choncho. Papaya wa mwana ndizisenda ndi chiyani pamzere wa ku sikelo? Mano?

Tadala sanadzicheke. Koma mtima wanga mpaka lero sunakhulupirire.

M'mawa mwake ndinamubereka, ulendo wa kumsika wa pa Boma kukafuna kampeni kopinda. Bambo wina wogulitsa maloko ndi matochi anandiyalira tingapo pathumba.

"Aka, achemwali, n'kofewa. Mukangokagwedeza katseguka kokha."

"Ndiye sindikafuna. Ndipatseni kovuta kutsegula."

Anandiyang'ana kaye. "Kovuta? Mukugulira apongozi kapena?"

Anapisa pansi pa katoni n'kutulutsa kena kachigwiriro chamtengo, kafupi ngati chala changa chapakati. Akuti aphunzitsi ena anakabweza chifukwa kanawathyola chikhadabo. Ndinalowetsa chikhadabo changa m'kamzere kake, n'kukoka. Kanakana, kanakananso, kenako kanatseguka mwaulesi ngati munthu wodzutsidwa kutulo. Potseka kanangoti thi, osagwedera.

"Mpatseni bwana ali kumbuyoyo ayese," anatero bamboyo.

Ndinakana. Ndinagula, koma ndinakana.

Ndikubwerera, kampeni kali m'manja, m'maganizo ndinapezeka ndili kwathu ku Mpama, pansi pa mtengo wa mango, ndili kamtsikana. Bambo anga anali nako kotere. Kankanunkhira nzimbe ndi fodya. Anzathu mwambi uja wakuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imfotere yekha amangoumva, koma ine bambo anandisemeradi nyangayo, ndipo inafotadi dzuwa lisanapendeke. Tsiku lina anandikhazika pakati pa miyendo yawo, anaika kampeniko m'dzanja langa, dzanja lawo pamwamba. "Mpeni uziloza kutali ndi mimba yako," anatero. Makoko a nzimbe ankagwa pang'onopang'ono, ndipo sindikumbuka kuti panali wina amene ankaopa.

Nanga ife mantha tinawatenga kuti? Ife amayi a masatifiketi, amene mwana akangotsokomola tathamangira kale pafoni. Mipeni taikweza pamwamba pa kabati, machesi tabisa, lumo sitidziwanso pamene tinaliika. Mwana wa aneba, wa sitandade 2, amasenda chinangwa uku akuimba. Ine ndikamuona ndimatseka maso.

Sindikuti ndinalakwa kusankha kolimba. Mukamagula kanu, yesani kaye: kasatseguke kokha m'chikwama, kasagwedere, kasakupindikireni pachala mukamasenda. Pakali pano ine ndikuyenda ndi mtendere.

Koma dzulo masana Tadala anagona atagwira chala changa, ndipo ndinamva kuti kadzanja kaja kayamba mphamvu. Kampenika sikadzafewa msanga, koma iye akukula. Tsiku lidzafika, ndidzamupeza pakhonde, chikhadabo chili m'kamzere kaja.

Kodi tsiku limenelo ndidzamulanda, kapena ndidzakhala pansi n'kuika dzanja langa pamwamba pa lake?