Khadi la sikisite-fo

Zaka zimene ndinkagulitsa mamemori khadi pamsika wa Masala ku Ndola, ndinkadziwa bwino kuti khadi limanama. Pachikuto lalembedwa sikisite-fo gigi, ukalilowetsa mu laputopu likutinso sikisite-fo, koma m'mimba mwake muli malo a fo basi. Ilipo pulogalamu yoyezera: imadzaza khadi lonse, kenako n'kubwerera kukaona ngati zimene yaikamo zilimodi. Imadya theka la tsiku. Ine theka la tsiku ndinalibe, ndinali ndi pakamwa.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wa kwathu ku Chipata, wa tchalitchi chathu. Amuna awo anali atamwalira mwezi wathawo. Anatulutsa m'chitenje foni ya malemuwo, galasi lake losweka.

"Mwanawe, muli mavidiyo ndi mawu a bambo ako umu. Undisamutsire pa khadi, foniyi ndigulitse."

"Amayi, mwafika pake. Ili ndi sikisite-fo, mungaikemo Ndola yense ndi Kitwe yemwe."

"Unaliyeza?"

"Ine? Kawiri!"

Ndinasamutsa. Mayina a mafayilo onse anaoneka pa laputopu, ndondondo, iwo n'kumawerenga ndi chala. Foni ndinaigula ndekha, nditainyoza mpaka anachita manyazi kuti anabwera nayo. Dzuwa lisanapendeke ndinali nditafufuta zonse za m'fonimo, mawa lake inapita ndi kondakitala wa minibasi.

Patatha milungu iwiri anabweranso. Mayina analipo, koma ukadina, zii. Vidiyo ya ukwati wa mwana wawo, zii. Mawu amene malemuwo anajambula ali m'chipatala, owauza ana mmene akhalire, zii.

Ndinayatsa pulogalamu ija, koma pa khadi lina la m'bokosi lomwe munachokera lawolo, kuti ndioneke katswiri. Anakhala pa benchi osadya kanthu mpaka inamaliza. Fo.

"Amayi, khadi lanuli simunaliike pafupi ndi wailesi? Maginito amadya zinthu izi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinayamba kukonza machaja amene anali okonzeka kale.

Zimene zinaloweratu poyamba zinapulumuka: zithunzi za mamita a magetsi, ndi vidiyo imodzi ya mpira. Malemuwo sakuoneka, kamera ikugwedezeka, koma mawu ndi awo, akutukwana refa m'Chibemba, zotukwana zoti m'tchalitchi sangazikhululuke msanga. Mayi aja anaimvera katatu, foni yawo yaing'ono ataiphatika kukhutu.

"Ndi iwowa," anatero.

Apa m'pamene ndimadziseka, ngati kuli koseka. Pakamwa panga panatseguka pokha: "Timahedifoni tilipo, amayi, muziwamva bwino."

Anagula. Sanatsitse mtengo n'komwe.

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse akamachokera kogula ndiwo, ankaima patsogolo pa tebulo langa, n'kuzula timahedifoni tija, n'kukweza mawu mpaka kumapeto. Malemu ankatukwana, makasitomala n'kumatembenukira kwa ine. Ikatha, mayi aja ankati, "Tsala bwino, mwanawe," n'kumapita kokwerera minibasi.