Kanema wa m'nyumba ya thonje

Chimene sindiiwala ndi fumbi la thonje likuyandama m'kuwala kochokera m'kabokosi koonetsera kanema ka mmwenye wina, ndi fungo la thukuta la anthu odzaza m'nyumba yosungiramo thonje ku boma ku Nsanje. Unali usana, koma mazenera onse anali atatsekedwa ndi masaka, moti kutentha kwake ukanaphika dzira m'khwapa. Mmwenyeyo ankapukusa chogwirira, ndipo pansalu yoyera pankayenda azungu osalankhula, akuthamanga timapazi ngati nkhanga. Ine ndinali kamtsikana kosatha msinkhu, mutu uli mbee chimetereni cha maliro a amayi.

Amayi anamwalira mapira akucha. Bambo anali mkamwini wochokera kutsidya kwa Shire, ndipo anali atakhala pamudzi pathu nthawi yaitali kotero kuti mango amene anabzala pofika tinkawadya ndife ana ndi adzukulu omwe. Koma mkamwini ndi mkamwini basi. Amalume anawauza poyera kuti thonje likagulitsidwa asankhe: alowe kwa amayi aang'ono, amene nawo anali amasiye, akhalebe nafe, apo ayi asudzulidwe, abwerere kwawo. Ine, chitsiriza, ndinkangopempha mumtima kuti avomere. Amayi aang'onowo ndinkawakonda, ndipo bambo ankaoneka kuti atsala pang'ono kuvomera, pakuti anali atayamba kulandira chakudya cha kunyumba kwawo.

Tsiku logulitsa thonje ndi limene tinalowa kokaona zodabwitsazo. Nkhani yake inali ya mzungu wokalamba amene mkazi wake anadwala namwalira. Mnyamata wa mmwenye ankaima pambali n'kumamasulira m'Chisena, kwinaku akuwonjeza zake kuti tiseke, ndipo tinasekadi, ngakhale pamaliro pomwe, chifukwa onyamula bokosi ankayenda chodumphadumpha. Kenako nkhalamba ija inabwerera m'nyumba mwake. M'mawa inatulutsa makapu awiri, n'kuthira tiyi m'kapu imodzi yokha, n'kukhala duu. Chisanu chinabwera, chinapita, iyo ili m'nyumba yomweyo, yokhayokha.

Bambo anaimirira, chithunzithunzi cha mutu wawo chinaphimba theka la nsalu, anthu n'kuyamba kukuwa kuti akhale pansi. Iwo anafunsa womasulira uja mwaulemu wonse: “Pepani, nanga eni mbumba abwera liti kudzamusudzula?” Kuseka kunabuka m'nyumba monse. Womasulirayo anati, “Kwawo kulibe zimenezo, baba. Akhala momwemo mpaka adzafe.” Bambo anakhala pansi.

Patapita masiku atatu anapita kwa amalume ndi pempho limene mkamwini sanapemphepo pamudzi pathu: kuti akhale okha, opanda mkazi, alime munda wa malemu ndi kulera ine. Amalume sanali munthu woipa, koma anati mwamuna wopanda mkazi pamudzi wa eni ndi moto pafupi ndi udzu, ndiponso zoona pansalu sizilimitsa munda. Anawafunsanso kawiri za amayi aang'ono. Bambo anati mkazi wawo anali mmodzi.

Anawasudzula mvula isanagwe. Anatenga khasu, mphasa ndi nkhwangwa, ine ndinawaperekeza mpaka padooko. Anandigwira pamutu, pamene tsitsi linali litayamba kumera, n'kukwera bwato. Kwawo anakapeza owadziwa ambiri atatha, ndipo tinamva za imfa yawo mvula ziwiri zitadutsa, atawaika kale.

Ndinakula ndi mkwiyo, osati pa amalume kapena mmwenye, koma pa bambo, amene anasankha wakufa kusiya ine wamoyo. Lero nanenso ndaika mwamuna wanga, titakalambira limodzi, ndipo munthu akati ndikwatiwenso ndingamuthire phulusa m'maso. Choncho bambo ndawamvetsa tsopano, ndawamvetsa ndithu. Koma kamtsikana kaja kanatsala padooko sikanafunsidwe kanthu, ndipo mpaka lero sikanawakhululukire.