Bambo Apeza Kamodzi, Mayi Apeza Tiwiri

Anzake a kuntchito ankamutcha Chisanu, ndipo dzinalo linamukanirira moti ngakhale apongozi ake anaiwala lenileni. Kwa zaka khumi ndi zinayi bamboyu anagwira ntchito m'chipinda chozizira cha kampani yogulitsa nkhuku zophapha kale, kusanja makatoni kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kupendeka. Kampaniyo inkapereka jekete, jombo ndi magolovesi. Jekete ndi jombo ankavala, koma magolovesi ankawapinda bwinobwino n'kuwaika m'thumba, ati munthu wovala magolovesi sazindikira katoni yomwe yayamba kusungunuka. Nyumba yake inali kuseri kwa mpanda wa kampani, choncho ankafika pakhomo manja akadali ngati a munthu amene madokotala amuleka kale.

Mwana anamudikira zaka zisanu ndi ziwiri. Nthawi yonseyo achibale ankangomuyang'ana ngati galimoto yokongola yopanda injini. Chifukwa anali nacho. Mkulu wake wa Chisanu anabadwa machende asanatsikire m'thumba mwake, ndipo palibe amene anapita naye kuchipatala. Anakula, anakwatira kawiri, anasiyidwa kawiri, mwana osamuona. Motero mkazi wa Chisanu atabereka mwana wamwamuna, m'nyumbamo munalowa wolamula watsopano, ndipo anangomutcha Bwana.

Mkaziyo ankaluka tsitsi pa saluni ndipo ankaweruka mochedwa, choncho ntchito anagawana. Mayi ankamusambitsa Bwana m'mawa ndi madzi ofunda, bambo akaweruka ankakamutenga kwa aneba n'kumusintha thewera. Lolemba lina, mwanayo ali ndi zaka ziwiri, Chisanu anamasula thewera, n'kuyang'ana, n'kuyang'ananso. Kenako anakhala pamphepete pa bedi mpaka mkazi wake anafika.

"Mayi a Bwana, katundu wa mwanayu sakukwanira."

"Katundu wanji?"

"Timachende. Pali kamodzi."

"Tilipo tiwiri. Ndamusambitsa ndine m'mawawu."

"Ine ndimasanja makatoni mazana anayi pa tsiku osasokoneza. Ndingalephere kufika pa tiwiri?"

"Ndiye mukuti kenako ndakagulitsa kusaluni?"

Mlungu wonse unatha choncho. M'mawa mayi ankapeza tiwiri, madzulo bambo ankapeza kamodzi, ndipo Lachinayi sanapeze n'komwe, moti anagona ndi njala. Lamlungu, tsiku lokhalo limene sankapita kuntchito, anayang'ana onse pamodzi: tiwiri, phee, ngati sitinayambe tachokapo. Mkaziyo anayimba nyimbo tsiku lonse. Lolemba madzulo, kamodzi.

Munthu wamantha akakhala ndi foni m'manja, mantha amapeza feteleza. Chisanu anawerenga za opaleshoni, za kusabereka, za khansa, ndipo chilichonse anachikhulupirira, iye amene sankakhulupirira ngakhale sikelo ya pakampani. Kuntchito anayamba kusanja mapiko pa mulu wa ntchafu. Chomwe chinkamudya sichinali mpeni wa dokotala ayi. Ankaona Bwana atakula, atakhala yekha pakhonde ngati mkulu wake uja, akuitana ana a eni kuti awapatse maswiti.

Lachitatu anapempha kuti aweruke masana, chinthu chimene anali asanachitepo, ndipo anakumana ndi mkazi wake ndi mwana pa chipatala. Anadikira maola awiri pabenchi, iye atafumbata botolo la madzi oundana limene anatenga kuntchito kuti Bwana azimwa akasungunuka.

Dokotala anali mayi wachikulire wa magalasi a chingwe, wa nkhope yosonyeza kuti zodabwitsa zonse anaziona kale. Anamvetsera nkhani ya mkulu wake uja osadula mawu, kenako anafunsa masiku.

"Ndiye mukuti kamapezeka m'mawa ndi Lamlungu basi?"

"Eya, adokotala."

"Kali pa ntchito ndithu kameneka," anatero dokotalayo, akutikita manja ake kuti afunde. Anamukhazika Bwana pabedi, namupatsa cholembera kuti azisewera nacho, n'kumupima mofatsa. "Kamodzi. Kachiwiri. Tonse tili m'malo mwake."

"Mwamva?" anatero mkaziyo, maso ali kudenga.

"Pepani adokotala, koma dzulo lomweli..." Chisanu anaika botolo pansi, n'kugwira mwanayo pantchafu kuti alongosole bwino. Bwana anakuwa ngati walumidwa, ndipo onse atatu anaona kakumanzere kakukwera n'kubisala.

"Ndi zimenezotu!" anafuula Chisanu, mosangalala ngati wapambana mlandu, kenako anakumbukira kuti mlanduwo sankafuna kuupambana.

Dokotala anagwira dzanja la bamboyo, n'kulisiya msanga.

"Bambo, mumagwira ntchito kumotchale?"

"Ayi, m'chipinda chozizira. Cha nkhuku."

"Ndipo mukaweruka mumafikira kumasula thewera? Ngakhale ine ndikanathawa."

Anawafotokozera kuti pali kamnofu kamene kamakokera timachende m'mwamba mwana akazizidwa kapena akachita mantha, ndipo mwa ana ena kamnofuko kamakhala kachangu kwambiri. Kamene kamatsika kokha n'kukhazikika mwana akafundidwa n'kosiyana ndi kamene sikanatsikepo chibadwire, monga zinalili ndi mkulu wake. Opaleshoni sinkafunika. Komabe anati azibwera naye chaka ndi chaka mpaka atasinkhuka, chifukwa nthawi zina kamakwera n'kukanirira komweko, ndipo akadzaona kutupa kapena mwana akulira ndi ululu, asadzadikire kuti kuche.

Chisanu anafunsa: "Nanga adzabereka?"

"Zidzukulu sindingakulonjezeni, bambo. Mwina adzakhala waulesi, mwina akazi adzamukana chifukwa cha nkhope ya bambo ake. Koma pa zomwe ndaona pano, palibe chomuletsa."

Atatuluka, Chisanu sanafike pageti. Anakhala pabenchi lomwe lija. Mkazi wake anali atakonza kale mawu okwana mwezi wathunthu, ndipo anatsegula pakamwa kuti ayambe, koma anaona kuti mwamunayo akulira, misozi ikugwera pa jombo.

"Nanga chavuta n'chiyaninso, bambo a Bwana? Si mwamva kuti tilipo tiwiri?"

"Ndamva. Ndikuganiza za akulu anga. Wina akanangowanyamula ali kamwana, n'kudzakhala nawo pabenchi ngati ili maola awiri okha..."

Mkaziyo anakhala pambali pake. Kenako anamuika Bwana pamiyendo ya bambo ake, n'kutulutsa kampango m'chikwama.

"Pukutani nkhopeyo, anthu angaganize kuti ndakumenyani. Mwagwira bwino mwanayo? Tiyeni, kasitomala wanga ndamusiya mutu uli theka."