Waya wa Pansi pa Akiseleta

Bambo a Chisomo sakudziwa kuti waya uja ndinazula ndine. Anaikitsa kabokosi pansi pa akiseleta ya motoka yawo yamagetsi, kuti iziwonjezera ndi kuchepetsa liwiro yokha. Ndikupita ndi mwana kusikelo ku Masala, motoka inayamba kuthamanga phazi langa lili pambali. Ndinaimika, n'kugwada m'fumbi, n'kukoka waya wofiira. Kapena unali wakuda, sindikukumbukanso.

Madzulo Bambo a Chisomo ataona waya wozukayo anaitanitsa makanika amene anaika kabokosiko, bambo a Mwansa, Mbemba, mkulu wa mpingo mnzawo. "Bashi Mwansa, ntchito yanji iyi? Mufuna kundiphera banja?" Bamboyo anapepesa atavula chipewa, ine ndili pomwepo, ndikuyamwitsa, maso pansi.

Akonzanso, ndipo mawa n'kusikelo. Ndinalakwa kodi, anzanga? Chifukwa ndikuona ngati ndikazulanso.