Dzanja lamanzere la ba Dunstan

Ba Dunstan Mutale ndi mnansi wanga kuno ku Chelstone. Adayendetsa minibasi zaka zambiri mpaka sitiroko idawapha dzanja lamanja ndi kuwalemeretsa lilime. Mnzawo wapakhomo ndi galu wawo Kondakita, amene adamutcha dzinali chifukwa chokuwira aliyense wodutsa.

Mwana wawo Mabvuto adafuna kumupereka galuyo kufamu ya mnzake ku Makeni. "Batata, mau anu satuluka, galu uyu azamvela ndani? Tsiku lina azaluma mwana wa eni ake."

Ba Dunstan adayamba kumuphunzitsa Kondakita kumvera dzanja. M'mawa uliwonse ndinkawaona pabwalo ndi mpira wakale, kapenta ali m'thumba. Ankagogoda ndodo pansi, nkukweza dzanja lamanzere. Galu akakhala pansi ankalandira kapenta, kenako ankamuponyera mpira. Sindinama, poyamba Kondakita ankangolanda mpira nkuthawa nawo, ndipo zinkamvetsa chisoni.

Loweruka lina Mabvuto adabwera ndi galimoto kuti akamubayitse Kondakita jekeseni ya chiwewe kwa dokotala wa ziweto, akachoka kumeneko amusiye ku Makeni. Atangotsegula geti, galu adatuluka liwiro kulunjika ana amene ankapita kutchalitchi. Ba Dunstan adamenya geti ndi ndodo. Kondakita adacheuka, adaona dzanja lili m'mwamba, nkukhala pansi pafumbi. Ana adadutsa bwinobwino.

Ndidaona ndi maso anga. Mabvuto adapita naye kwa dokotala, ndipo masana adamubweza kwa atate ake, atamugulirako mpira watsopano.