Galasi la Danieli

Morton Nakhumwa ankaopa boma kuposa mmene ankaopera Mulungu, ndipo chifukwa chake chinali chomveka: Mulungu amakhululuka, koma boma limalemba. Anabadwira ku Limbuli, makolo ake atangowoloka Muloza pothawa chikoti cha Apwitikizi, ndipo anakulira m'minda ya tiyi, dengu lili kumsana. Cha m'ma 1954 msana unayamba kudandaula. Anatula dengu, namanga kantini ya zidina pa Chitakale, yogulitsiramo tiyi ndi zitumbuwa. Masamba omwe kale ankathyolera azungu tsopano ankawaviika yekha m'ketulo, ndipo ankati kutukuka n'kumeneko.

Anali mkamwini. Ankakhala pamudzi wa mkazi wake Estele, kuseri kwa nyumba ya apongozi ake aakazi, ndipo mwambo ankausunga bwino. Akakumana ndi apongozi panjira ankapatukira m'chinangwa. Mawu onse pakati pa awiriwa ankadzera mwa Estele. Morton ankadziwa katsokomoledwe ka apongozi ake ndi zidendene zawo, koma nkhope yawo ankangoiona mwakuba.

Tsiku lokatenga laisensi ya kantini, anapeza a Hudson, kalaliki wa pa boma, atakhala kuseri kwa tebulo ngati kuti tebulolo anabadwa nalo.

"Pepala ili si lokulungira zitumbuwa," anatero a Hudson. "Likhale pakhoma, m'felemu, kuseri kwa galasi. Bwana woyendera malonda akalipeza lili maliseche, kantini atseka."

"Ndi galasi lomwe, bwana?"

"Mukumuona korona ali pamwambayu? Mukufuna ntchentche zinyere korona wa boma?"

Morton sanafune zimenezo ngakhale pang'ono.

Anayamba kufunafuna felemu m'masitolo a Amwenye. Mafelemu analipo, a chitsulo chopyapyala chopaka utoto wagolide, koma onse anali ang'onoang'ono, ndipo m'kati mwa lililonse munali kale kamtsikana kachizungu katanyamula mphaka. Ndiye anapita kwa Pilato, mmisiri wa matabwa amene ankapala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Mafelemu a m'maofesi a esiteti ndi m'masitolo a pa Chitakale ankachokera m'manja mwa Pilato, ndipo iye sankalola munthu kuiwala zimenezo.

"Sankha, achimwene," anatero Pilato, akuyala timatabwa pabenchi. "Uwu ndi mlombwa, wa anthu ofatsa. Uwu ndi mbawa, wofiira, wolemera, wa anthu ofuna kuonedwa. Uwu ndi mkungudza wa kuphiri. Nunkhiza. Chiswe chimangodutsa. Koma a zankhalango amafuna pepala ngakhale pa kachipalapala, ndiye laisensi yakoyo idzafuna laisensi ya felemu lake."

Morton anasankha mbawa. Anasankhanso m'mphepete mozokotedwa mizere iwiri, ngati felemu la mu ofesi ya a Hudson.

"Nanga galasi?"

"Galasi ndilibe. Limachokera ku Limbe pa lole, ndipo bokosi lapitali linafika lili mchere wokhawokha. Dikira mwezi wamawa, kapena winawo."

Pamsika mbiri inali itamveka kale kuti bwana woyendera malonda ali ku Limbuli ndipo watseka makantini awiri.

Galasi la msinkhu umenewo Morton ankalidziwa limodzi lokha. Linali m'nyumba ya apongozi, pa chithunzi cha Danieli, mchimwene wake wa Estele, mwana wamwamuna yekhayo wa mayi aja. Danieli anapita ku nkhondo ya ku Bama ndi asilikali a Keyala ndipo sanabwerere. Manda ake palibe anawaona. Chinatsala ndi chithunzi chimenecho, chojambulidwa ku Zomba asananyamuke: mnyamata wa chipewa chopendeka, mabatani onyezimira, akuyesetsa kuti asaseke. Lamulungu lililonse mayi ake ankapukuta galasilo ndi nsonga ya nsalu yawo asanapite kutchalitchi.

Nthawi imeneyo apongozi anali atapita ku Milanje, kutsidya kwa malire, kukadwazika mng'ono wawo, ndipo Estele anawaperekeza. Chitseko chinali chomangidwa ndi luzi. Morton anadziuza kuti akanakhalapo akanawapempha. Ankadziwa kuti ndi bodza. Mwambo sukanamulola kutsegula pakamwa pamaso pawo, ndipo tsiku limenelo mwambowo anauthokoza.

Analowa masana, anthu ali kuminda. M'nyumba ya apongozi mkamwini salowa, ndipo miyendo yake inkadziwa zimenezo. Anatsitsa chithunzi, nawongola timisomali ta kumbuyo ndi mpeni, nasolola galasi, nabwezera Danieli pakhoma.

"Ndangobwereka, alamu," anatero. "Sabata imodzi yokha."

Pilato analitembenuza galasilo, nayang'ana fumbi lakale lomwe linakhazikika m'mphepete mwake.

"Walitenga kuti?"

"Ndalipeza."

"Magalasi sapezeka ngati bowa, achimwene. Kumene lachokako, china chake chatsala pamtetete."

Koma felemu analipanga, ndipo linali lokongola kwabasi. Laisensi inalowamo atangoipinda pang'ono m'munsi. Anthu omwa tiyi ankaimirira n'kumaiyang'ana, ngakhale osadziwa kuwerenga.

Boma limafulumira pokhapokha usanakonzeke. Sabata inatha, inanso inatha, bwana osabwera. Chiperoni chinatsika m'phiri, mvula yowaza yosaleka, ndipo makoma a nyumba anayamba kutuluka thukuta. M'mawa uliwonse Morton ankadutsa pa chitseko cha luzi chija n'kunena mumtima kuti madzulo asuzumira. Madzulo ankati mawa.

Pomaliza bwana anafika. Anali mzungu wachinyamata wodwala chimfine, ali ndi mesenjala womutanthauzira. Anayendera chimbudzi, anasuzumira mumgolo wa madzi, anavundukula zitumbuwa. Kukhoma sanatembenukireko. Morton, poona kuti mlendo akutuluka, analoza yekha.

"Bwana, laisensi."

Mzungu anayang'ana, nayetsemula, nalankhula zinazake.

"Akufunsa kuti felemuli anapanga ndani," anatero mesenjala. "Akufuna lotere la chithunzi cha amayi awo."

"Nanga galasi? Aliona galasi?"

Mesenjala anaseka. "Lamulo limangoti pepala lioneke, bambo. Ena amangolibaya pamsomali. Za magalasizo ndi a Hudson, amakonda zinthu zowala."

Galimoto ya bwanayo isanakhote pamsika, Morton anali atasolola kale galasi, ali paulendo wa kumudzi. Anamasula luzi. M'nyumbamo munkanunkha chinyontho, ndipo atatsitsa chithunzi mphemvu zinabalalika kuchokera kumbuyo kwake.

Chipewa chinalipo. Mabatani analipo onse, lamba, nsapato, ngakhale mpando umene Danieli anautsamira. Mphemvu nazo zinalemekeza yunifolomu ya boma. Zinadya nkhope yokha ndi dzanja limodzi. Pansi pa chipewa panali chigamba choyera, chonyambitidwa bwinobwino.

Morton anakhala pansi nthawi yaitali. Kenako anabwezera galasi, napinda timisomali, napachika chithunzi, namanga luzi monga analipezera, ngati kuti kumanga bwino kungathandize.

M'mawa mwake anafunsa Pilato, mozungulira, ngati chithunzi chodyedwa chingakonzedwe.

Pilato sanasiye kupala. "Ine ndimamanga mpanda, achimwene. Munthu wa m'katimo sindipanga."

"Nanga amene anajambula ku Zomba?"

"Wa nthawi ya nkhondo? Ukamufunse nkhope iti? Anajambula asilikali angati?"

Apongozi ndi Estele anabwerera Loweruka madzulo, atatopa, ndipo anagona osayatsa nyali. Lamulungu m'mawa Morton anakhala kuseri kwa khoma la apongozi, akunola khasu lomwe linali lakuthwa kale. Anamva chithunzi chikutsitsidwa pamsomali. Anamva Estele akuti "Mayo!" n'kuyamba kulira, mayi ake n'kumuletsa. Kenako belu la kutchalitchi linalira n'kusiya.

"Estele," anatero apongozi, mawu awo ali bwinobwino, "amuna ako ali pafupi?"

"Ali kuseriku, mayi."

"Uwauze kuti galasi ili likununkha mafuta a zitumbuwa."

Morton anapezeka atagwada m'matope, ngakhale panalibe womuona. Mawu anali ambiri: a Hudson, korona, lole ya ku Limbe, chiperoni. Onsewo akanayenera kudutsa m'kamwa mwa Estele, mlongo wake wa Danieli.

"Uwauze mayi kuti ndamva," anatero.

Anadikira mlandu. Mkamwini amapirikitsidwa pamudzi pa zifukwa zochepa kuposa chimenechi, ndipo Morton akanakondwa kuitanidwa pabwalo, kutukwanidwa, kulipitsidwa mbuzi, chilichonse chokhala ndi mathero. M'malo mwake anamva timisomali tikuwongoledwa. Estele anatuluka, maso ali ofiira, atanyamula galasi lokulungidwa m'kansalu. Sanamuyang'ane.

"Akuti mupite nalo," anatero. "Akuti kukantini kuli choti lisunge. Kuno lilibenso ntchito."

"Estele, ndingathe kuitanitsa lina ku Limbe, felemu la mkungudza..."

"Loti muikemo ndani?"

Nkhani ija sinatchulidwenso pamudzipo. Apongozi sanamuchotse, ndipo chakudya ankamutumizirabe monga kale, kudzera mwa Estele. Morton anapitiriza kupatukira m'chinangwa akakumana nawo, koma tsopano ankalowa m'kati kwambiri kuposa mmene mwambo umafunira.

Kantini inayenda bwino. Felemu la mbawa linatchuka, ndipo eni makantini ena mpaka ku Muloza anapita kwa Pilato kukafuna lofanana nalo, moti a Hudson anayamba kunena kuti anthu a m'boma lino ayamba kumvetsa ulemu wa mapepala. Chaka chilichonse laisensi yatsopano ikabwera, Morton ankawongola timisomali, n'kuchotsa yakale, n'kuika yatsopano kuseri kwa galasi lomwe lija.

Lamulungu kantini inkakhala yotseka, koma iye ankapitabe m'mamawa. Ankapukuta galasilo ndi nsonga ya malaya ake, ataima chammbali kuti asadzionemo. Pobwerera, akamadutsa kuseri kwa nyumba ya apongozi, ankamva chithunzi chikutsitsidwa pamsomali. Estele anamuuza kamodzi kokha, osafunsidwa, kuti mayi ake amapukutabe, pang'onopang'ono kuti pepala lisang'ambike, kuyambira pansapato kukwera mpaka pa batani lam'mwamba, n'kulekera pomwepo.